Kusankha sukulu ya RN to BSN ya pa intaneti osalowa nayo mu ngongole

Sabata yathayi pa break ya shifiti ya usiku mng'ono wanga wina, si wa bere limodzi ayi koma kuno kunja aliyense wolankhula Chichewa ndi m'bale basi, anandipatsa foni yake kuti ndione. Ma missed call 12 tsiku limodzi. Chomwe anachita nkungolemba nambala yake pa fomu ina pa intaneti yofunsa za RN to BSN, maphunziro oti nesi wa laisensi (RN) atenge digiri ya bachelor's ya unesi (BSN), ndiye kuyambira pamenepo anthu a masukulu akungomuimbira, uyu akuti yathu ndi yotchipa, uyu akuti mumaliza m'miyezi 9, winanso akuti lembetsani lero lomwe chifukwa kalasi ikuyamba Lolemba. Mwana mutu unaima, anatsala pang'ono kusaina ndi amene anamuimbira koyamba chifukwa choti ankalankhula mwaulemu. Ndinamuuza kuti tadikira kaye. Zomwe tinakambirana usiku umenewo ndi zomwe ndikulemba apazi, kwa inu manesi anzanga muli kuno ku America amene munakhoza kale mayeso a laisensi a NCLEX, laisensi ya RN muli nayo, koma pepala lanu ndi ADN ya zaka ziwiri ya ku community college kapena dipuloma, ndipo mukufuna digiri ya BSN osasiya ntchito.

Mfundo yanga ndi imodzi ndipo ndiibwereza mpaka mutope nayo: mtengo wa pa credit (muyeso womwe amawerengera makosi) womwe amaulemba ndi zilembo zikuluzikulu uja si ndalama zomwe mudzatulutse. Sukulu yotchipa ndi yomwe yalandira ma credit anu akale ambiri, ndi yovomerezeka, komanso muimalizadi.

Pena wina amafunsa kuti kodi BSN yo njofunikadi, popeza odwala tikuwasamala kale bwinobwino. Ndi zoona, pa bedi ntchito ndi yomweyo, ndipo zipatala zambiri ndalama yomwe amawonjezera ukatenga BSN ndi yochepa, musayembekeze kuti malipiro adumpha. Koma mphepo inatembenuka kalekale. Mu 2003 kafukufuku wa Linda Aiken ndi anzake anapeza kuti manesi a digiri akawonjezereka ndi 10 peresenti m'chipatala, chiopsezo choti wodwala wa opaleshoni amwalire chimatsika ndi 5 peresenti. Mu 2010 Institute of Medicine inati pofika 2020 manesi 80 pa 100 alionse akhale a digiri. Ku New York mu December 2017 anasaina lamulo lija amati BSN in 10, loti nesi watsopano atenge BSN zaka 10 zisanathe chilandirireni laisensi. Zipatala za Magnet, zomwe zinalandira chizindikiro cha unesi wapamwamba, manijala wa wodi amafunika akhale ndi digiri, ndipo mukafuna za nurse practitioner kapena za anesthesia khomo lake nthawi zambiri ndi lomweli. Ndiye funso si loti mupite kapena ayi, koma mupite bwanji osasauka nazo.

Sitepe yoyamba, onani ngati mukufunikadi kuphunzira

Ichi ndi cha ife tinachokera kumudzi makamaka. Ngati munatenga digiri ya zaka zinayi ku Kamuzu College of Nursing, yomwe pano ili mu KUHeS, kapena ku Mzuni, musathamangire kulipira RN to BSN. Tumizani kaye mapepala anu ku bungwe lounika maphunziro akunja, monga WES kapena ECE, mupemphe ija amati course by course, osati yongonena dzina la pepala. Ikabwera kuti digiri yanu ikufanana ndi bachelor's ya kuno ndiye kuti mwina palibe choti muphunzirenso, mungopita nayo ku HR, ofesi yoona za antchito, kapena ku sukulu ya masters mukafunse ngati akuilandira. Lipoti lomwe munachitira laisensi kudzera ku CGFNS, bungwe lounika mapepala a manesi akunja, si nthawi zonse sukulu imalilandira pa nkhani ya ma credit, funsani kaye kuti akufuna la bungwe liti musanalipire kawiri. Ndipo yambani msanga, transcript, pepala la makosi ndi magiredi anu, kuchoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti ifike kuno imafuna munthu wakuti aziyendera ku ofesi.

Yachiwiri, kuvomerezeka kwa sukulu

Apa palibe zokambirana. Pali zivomerezo ziwiri ndipo zonse zikhalepo. China ndi cha yunivesite yonse, chochokera ku mabungwe ngati Higher Learning Commission, SACSCOC, Middle States ndi anzawo. China ndi cha pulogalamu ya unesi yeniyeniyo, CCNE kapena ACEN, palinso NLN CNEA. Pakati pa CCNE ndi ACEN musavutike nazo, zonse zimayenda. Koma musakhulupirire logo yomwe ili pa tsamba la sukulu, logo aliyense angathe kumata. Lowani pa tsamba la CCNE kapena ACEN lenilenilo, mulembe dzina la sukuluyo, muone kuti pulogalamu ya baccalaureate ilipodi ndipo chivomerezo chake chikutha liti. Akakuuzani kuti tinapempha kale tikungodikira, kapena tili pa candidate, chimenecho si chivomerezo, ndi lonjezo chabe.

Ndikulimbikira apa chifukwa anthu analira. Kampani ya makoleji ya ITT Tech inatseka masukulu ake onse mu September 2016, ophunzira aunesi ambiri anatsala ndi ngongole ndi ma credit oti malo ambiri sankawalandira. Mu January 2023 boma linaulula zija za ku Florida, mapepala abodza aunesi oposa 7,600 omwe anagulitsidwa kudzera m'masukulu atatu, ndipo ma board a ma state, omwe amapereka laisensi ya unesi, anayamba kusaka eni mapepalawo. Munthu akakuuzani pa WhatsApp kuti ali ndi njira yachidule, digiri popanda kulemba kalikonse, thawani, laisensi yomwe munaivutikira ija ndi yomwe mukuiika pa moto.

Yachitatu njachidule. Funsani ngati sukuluyo ili ndi chilolezo chophunzitsa munthu wokhala mu state yanu. Pali mgwirizano wotchedwa SARA, wolola sukulu kuphunzitsa pa intaneti anthu a ma state ena, womwe ma state onse alimo kupatula California, komabe pa unesi ma board ena ali ndi malamulo awo owonjezera pa nkhani ya practicum, maola ophunzira pogwira ntchito yeniyeni, nchifukwa chake masukulu ambiri ali ndi mndandanda wa ma state omwe salandirako ophunzira. Ngati mukuganiza zosamuka chaka chamawa funsaninso za state mukupitayo. Ndipo amene muli pa viza ya ophunzira ya F-1 dziwani kuti pulogalamu ya pa intaneti yokhayokha siingasunge viza yanu, lamulo limangolola kalasi imodzi ya pa intaneti pa temu kuti iwerengedwe.

Yachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani

BSN imakhala ma credit pafupifupi 120. Makosi aunesi enieni a RN to BSN nthawi zambiri ndi ma credit 30 kapena kuposako pang'ono, zinthu ngati community health, leadership, research, health assessment, informatics ndi capstone kumapeto. Ena otsalawo amachokera ku zomwe munaphunzira kale ndi zomwe amakupatsani chifukwa cha laisensi yanu. Vuto ndi loti sukulu iliyonse imawerenga zakale zanuzo mwa njira yake. Iyi ikuti zonse zakwana, yambani unesi. Iyo ikuti mulibe statistics, mulibe chemistry, English yachiwiri mulibe, ndiponso microbiology yanu ndi yakale kwambiri mubwereze. Mayunivesite a boma a ku Texas, mwachitsanzo, lamulo la kumeneko limafuna kuti wotenga digiri aphunzire history ya America komanso za boma kuphatikizapo la Texas, ndiye ngakhale University of Texas at Arlington ili ndi pulogalamu yodziwika ndithu ya pa intaneti, munthu wochokera state ina kapena kunja awerengeretu makosi amenewo. Masukulu ena a mipingo nawo amakhala ndi kosi yawo ya za chikhulupiriro yomwe aliyense amayenera kutenga.

Tiwerengere limodzi, manambala awa ndi ongoyerekeza si a sukulu ina iliyonse. Sukulu A ikuti $250 pa credit. Sukulu B ikuti $350. Aliyense maso apita pa A eti. Koma A itaona transcript yanu yati mukufunika ma credit 30 aunesi kuphatikiza 21 a makosi ena, onse 51, kuchulukitsa ndi 250 ikukwana $12,750. B yalandira zonse, mwatsala ndi 30 basi, $10,500. Yodula ija yatchipa ndi $2,250, osawerengera miyezi yomwe mukanathera pa makosi 7 owonjezera aja mukuchoka ku shifiti ya maola 12.

Ndiye chochita ndi ichi. Sankhani masukulu atatu kapena anayi omwe adutsa pa sitepe yachiwiri ndi yachitatu. Sonkhanitsani ma transcript a kulikonse komwe munaphunzirako, olo kunali temu imodzi yokha zaka 15 zapitazo. Tumizani kwa onse mupemphe kuti akuwerengereni ma credit musanalembetse, ambiri amachita ulere ndi unofficial transcript. Ndipo yankho libwere pa imelo, lolembedwa, kosi ndi kosi, kuti izi talandira izi mwatsala nazo. Zapafoni ayi. Amene amakuimbirani uja ntchito yake ndi kulembetsa anthu, wowerenga ma credit ndi ofesi ina, ndipo mawu oti musadandaule zambiri zilowa sadzakuthandizani tsiku lomwe bilu idzabwere. Ine sukulu ina inandiuza pa foni kuti zonse zili bwino, pepala litabwera panali makosi 4 omwe sanatchulidwe, mwayi wake ndinali ndisanasaine.

Mukapezeka kuti mwatsala ndi makosi wamba ngati statistics kapena psychology, musawatengere ku yunivesite pa mtengo wawo. Community college ya m'dera lanu ndi yotchipa kwambiri, ndipo pali mayeso a CLEP omwe mukakhoza amakupatsani ma credit osalowa m'kalasi, palinso Sophia, Study.com ndi StraighterLine omwe mumalipira pa mwezi nkumaliza makosi mwa liwiro lanu. Koma dongosolo lake ndi lomweli, funsani kaye sukulu yanu ya BSN kuti kosi yakutiyakuti ya kumeneko muilandira m'malo mwa iti, ayankhe polemba, kenako muzilipira. Masukulu ambirinso amafuna ma credit ena, kawirikawiri 30, muwatengere kwa iwo, ndiye pali malire a zomwe mungabweretse.

Yachisanu, mtengo wonse

Mukadziwa ma credit otsala, pemphani mtengo wonse mpaka tsiku la graduation. Pali tindalama tobisika tambiri: technology fee ya temu iliyonse, mabuku, ya mayeso oyang'aniridwa pa kamera, background check, katemera ndi drug screen za practicum, graduation fee, pena ndi ya kosi iliyonse payokha. Kamodzikamodzi timaoneka tochepa koma tikaunjikana timapweteka. Pa mayunivesite a boma funsani ngati a pa intaneti amalipira mofanana kaya ali mu state kaya kunja, chifukwa ena amatero ena ayi, ndipo musaiwale kuyang'ana yunivesite ya boma ya mu state yanu yomwe, nthawi zambiri imakhala ndi mgwirizano ndi community college yomwe munachitira ADN moti ma credit amangolowa onse. Ma state ena community college yeniyeniyo imapereka BSN, ku Florida ndi ku Washington ziliko. Tsamba la boma la College Scorecard likuthandizani kuona kuti pa sukuluyo anthu amamaliza angati ndipo amatuluka ndi ngongole yotani.

Palinso mtundu wina wa kalipiridwe womwe anthu amaukonda masiku ano. Western Governors University (WGU) imalipiritsa mtengo umodzi pa temu ya miyezi 6, mumalize makosi ochuluka bwanji zili kwa inu. Yunivesite ya Capella ili ndi FlexPath yomwe imalipiritsa mtengo umodzi pa masabata 12. Njira imeneyi ndi yabwino zedi kwa munthu wodziletsa, nesi wa zaka zambiri amene zambiri akuzidziwa kale akhoza kuthamanga nkupulumutsa ndalama zambiri. Koma dziyezeni moona mtima. Tiyerekeze temu ndi $4,000, mukamaliza ma temu awiri ndi $8,000, mukazengereza mpaka anayi ndi $16,000, ndipo palibe mphunzitsi wokuuzani kuti Lamlungu pakati pa usiku assignment ikhale italowa. Ngati muli ndi ana ang'onoang'ono, ntchito ziwiri, ndipo mumadziwa kuti popanda deadline simugwira buku, bola ya pa credit yomwe mungatenge kosi imodzi pa masabata 8 nkumapuma pakavuta osataya ndalama. China, WGU sipereka ma giredi a A ndi B, imangoti pass, yomwe amaiwerenga ngati avereji ya 3.0, yofanana ndi B. Pa ntchito palibe vuto, masukulu ambiri a masters amalandira, koma ngati maso anu ali pa pulogalamu yolimbirana kwambiri ngati CRNA, ya unesi wa anesthesia, imbirani kaye sukulu mukuifunayo mumve maganizo awo.

Yachisanu ndi chimodzi, ndani alipire

Musanatulutse ya m'thumba pitani ku HR. Zipatala zambiri zili ndi tuition reimbursement, dongosolo lolipirira antchito fizi, ndipo lamulo la msonkho limalola abwana kukulipirirani mpaka $5,250 pa chaka osadulidwa msonkho. Taonani bwino apa, ndi pa chaka cha kalendala. Mukayamba cha mu August nkumaliza chaka chotsatira mukhoza kugwiritsa ntchito zaka ziwiri, $10,500, yomwe kwa masukulu ena ndi digiri yonse kapena pafupifupi. Kuthamangira kumaliza m'miyezi 9 chaka chimodzi pena kumakudyerani ndalama yaulere. Funsani kuti amawerenga chaka potengera tsiku lomwe kosi yatha kapena lomwe ndalama yatuluka, funsani giredi yomwe amafuna, ngati amalipira ku sukulu mwachindunji kapena muyambe mwalipira nokha akubwezereni, komanso chachikulu, mukalandira mudzagwira nawo nthawi yaitali bwanji. Ambiri amamanga chaka kapena ziwiri ndipo mukachoka msanga mumabweza. Funsaninso masukulu omwe chipatala chanu chili nawo pa mgwirizano wa discount, ndipo ngati muli mu union nakonso kumakhala thumba la maphunziro.

Kenako lembani FAFSA, fomu yopemphera thandizo la boma la fizi, ndi yaulere, aliyense wokuuzani kuti mulipire kuti akulembereni akukuberani. Ndi ya nzika, a green card, othawa kwawo ovomerezeka ndi magulu ena ochepa. Ndalama ya boma ya Pell Grant sibwezedwa koma ndi ya amene alibe bachelor's, ndiye ngati muli ndi digiri ina ya kumudzi yofanana ndi ya kuno simulowa, komanso pa malipiro a RN ambiri sapeza yambiri. Lembanibe, chifukwa masukulu amayang'ana pomwepo popereka ma scholarship awo. Nthawi ya msonkho tengani fomu 1098-T ku sukulu, pali Lifetime Learning Credit yokuchotserani msonkho wofika $2,000 pa ndalama zomwe mwalipira nokha. Ngongole ikhale yomalizira, ndipo ikhale ya boma osati ya ku banki, chifukwa ya boma ndi yomwe ingakhululukidwe kudzera mu pulogalamu ya PSLF mukalipira ka 120 mukugwira m'chipatala cha nonprofit kapena cha boma. Palinso pulogalamu ya boma ya Nurse Corps yomwe imalipira 60 peresenti ya ngongole yaunesi mukagwira zaka ziwiri pa malo osowa manesi, koma ndi yopikisana, musamange bajeti pa imeneyo. Sukulu ikakupatsani ngongole yoposa fizi musatenge yotsalayo, imaoneka ngati mphatso koma chiwongoladzanja chake chikuwerengedwa.

Ndipo polemba bajeti tisadzinamize, ife ndalama yathu si ya ife tokha. November feteleza, January fizi ya ana a achimwene, pakati apo maliro kapena wina wagonekedwa. Funsani ngati sukulu ili ndi payment plan ya mwezi ndi mwezi yopanda chiwongoladzanja, ndipo akumudzi auzeni poyera kuti chaka chino ndili pa sukulu, zitumizidwa koma zochepa. Ambiri amamva.

Yomaliza, onani ngati moyo wanu ukwanamo

Pa intaneti sizitanthauza kuti zonse ndi za pa kompyuta. Pafupifupi pulogalamu iliyonse yovomerezeka ili ndi maola a practicum, makamaka community health ndi project ya leadership. Funsani kuti ndi maola angati, preceptor, nesi wokuyang'anirani, amapeza ndani inu kapena iwo, ndipo mungachitire pa ntchito panu pomwepo kapena ayi. Anthu amakakamira apa miyezi, makosi onse atatha, akusaka munthu woti awasainire. Amene muli ku California ndipo mukufuna satifiketi ya public health nurse funsani ngati maola awo akukwanira zofuna za board.

Funsani ngati makalasi ali ndi nthawi yoikika yolowa pa Zoom kapena mumalowa nthawi yanu, kwa wa shifiti ya usiku kusiyana kwake nkwakukulu. Konzekerani kulemba, chifukwa RN to BSN ndi mapepala, discussion post sabata iliyonse ndi kuyankha anzanu awiri, zonse mu kalembedwe ka APA, ndipo amaunika ngati mwakopera. Ndiye onani ngati sukulu ili ndi writing center yaulere ndi laibulale ya pa intaneti, ndipo pezani laputopu yabwinobwino ya kamera, pa foni simungalembe pepala la masamba 10. Funsaninso manesi a pa wodi panu amene anamaliza kumene, adzakuuzani zoona kuposa ma review a pa intaneti, monga ngati aphunzitsi amayankha imelo ndi maola angati pa sabata omwe kosi imodzi imadyadi.

Musanasaine werengani tsiku lomaliza losiya kosi nkubwezeredwa ndalama, komanso chimachitika nchiyani mukapuma temu imodzi, chifukwa ulendo wadzidzidzi wa kumudzi sudziwika. Temu yoyamba tengani kosi imodzi muone mmene thupi likulandirira, pokhapokha ngati ngongole ya boma ikufuna mukhale half time, kutenga theka la makosi a temu yodzaza, pamenepo funsani a financial aid kuti ma credit ake ndi angati.

Mng'ono wanga uja anatumiza ma transcript ake ku masukulu atatu. Imodzi yayankha kale, yati watsala ndi statistics yokha kuwonjezera pa aunesi, ndipo yalemba pa imelo kuti ya ku community college ailandira. Ziwiri zinazo akudikira, Lachinayi akupita ku HR ndi mafunso ake atalemba pa pepala, ndipo amene akumuimbira aja akungowauza kuti tumizani polemba.